Mafunso Anu: malipiro a ogwira ntchito pa obra (zomangamanga) za boma

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa anthu omanga sukulu, zipatala ndi misewu ya boma m'chigawo chathu cha Tete. Tasankha asanu ndi limodzi. Ayankha ndi anzathu amene amadziwa malamulo a ntchito ndi kawerengedwe ka malipiro pa zomangamanga. Mayina a olemba makalata ndi a makampani tabisa.

Ndine pedreiro, ndikumanga nawo sukulu ya boma kufupi ndi Ulónguè. Mlamu wanga amene ali ku America akuti kumeneko, ntchito ikakhala ya boma, mmisiri aliyense ali ndi mtengo wake woikidwa ndi boma. Ine pano ndimalandira pafupifupi mofanana ndi servente wondikandira matope. Kodi lamulo lotere kuno lilipo, kapena akutibisira?

Bambo, alamu anuwo sakunama, koma akunena za kwawoko. Ku United States kuli lamulo lotchedwa Davis-Bacon Act, la m'chaka cha 1931. Limakhudza ntchito zomanga za boma lalikulu zopitirira madola 2,000. Unduna wa zantchito umafufuza kuti m'dera lakutilakuti womanga njerwa, kalipentala, wamagetsi kapena woyendetsa makina amalandira zingati pa ola, ndipo mitengo imeneyo imalowa mu kontrakiti. Kampani imakakamizidwa kuipachika poonekera pamalo a ntchito ndi kutumiza ndandanda ya malipiro sabata iliyonse. Ikabera antchito, boma limagwira ndalama zake n'kulipira antchitowo, ndipo ikhoza kuletsedwa ntchito za boma kwa zaka 3. Chimene chinabala lamuloli n'chimene inunso mumachidziwa: makampani ankapambana ntchito potchula mtengo wotsika, kenako n'kubwera ndi antchito otchipa ochokera kutali, amisiri a m'deralo n'kutsala manja ali m'khosi. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linalembanso mfundo yofanana mu pangano lake nambala 94 la mu 1949.

Kuno ku Mozambique boma silisindikiza mndandanda wotere wa mtengo wa mmisiri aliyense pa obra zake. Chimene chilipo ndi malipiro otsikitsitsa a gawo lililonse la ntchito. Magawowo ndi 8, ndipo zomangamanga ndi gawo la 6. Amakambirana ku Comissão Consultiva do Trabalho, kumene kumakhala boma, olemba ntchito kudzera m'bungwe la CTA, ndi mabungwe a antchito a OTM-CS ndi CONSILMO. Zaka zambiri mtengo watsopano wakhala ukuyamba pa 1 April. Mu 2024 wa zomangamanga unali mametikali 8,000 pamwezi. Popeza umasintha, funsani wa chaka chino ku Inspecção do Trabalho, ofesi ya boma yoyendera malo a ntchito, musanapite kukatsutsana ndi abwana.

Mvetsani bwino: chiwerengero chimenecho ndi pansi poyambira, si mtengo wa luso. Sichisiyanitsa inu wogwira levulo ndi chingwe ndi mnyamata wokankha wilibala. Sichisiyanitsanso obra ya boma ndi nyumba ya munthu wamba. Ndiye kampani yolipira pedreiro 8,500 ndi servente 8,000 m'chaka chimenecho inali yaumbombo, koma lamulo la malipiro otsikitsitsa sinaliphwanye. Ife timaona kuti apa pali mpata woipa, chifukwa ntchito zambiri za boma amapatsa amene watchula mtengo wotsika, ndipo mtengo wa simenti ndi zitsulo kontrakitala sangautsitse. Chofewa kufinya ndi thukuta la munthu.

Chokutetezani n'chiyani tsono? Choyamba, udindo wanu ulembedwe mu kontrakiti. Ambiri amalembedwa kuti "servente" kapena "ajudante" koma akuimika khoma ndi kupaka pulasitala. Papepala luso lawo kulibe. Kanani kusaina mpaka palembedwe ntchito yeniyeni imene mukugwira. Chachiwiri, lamulo la ntchito limati ntchito yofanana ilipidwe mofanana. Ngati pedreiro wobwera ndi kampani kuchokera ku Beira kapena mumzinda wa Tete akulandira kuposa inu pa khoma lomwelo, muli ndi poyambira kufunsa, ngakhale kuti ndalama yake yogonera ndi yodyera kutali ndi kwawo ndi nkhani ina. Chachitatu, mitengo ya luso lililonse imatha kulembedwa m'pangano la pakati pa kampani ndi bungwe la antchito. La omanga ndi SINTICIM. Mukakhala anthu makumi angapo pa obra imodzi, njira imeneyi imalemera kuposa kudandaula payekhapayekha.

Onaninso chikwangwani cha pa obrapo. Ngati ndalama zikuchokera ku World Bank, ntchito zimene zinavomerezedwa kuyambira chakumapeto kwa 2018 zimayenera kukhala ndi ndondomeko yolembedwa ya kasamalidwe ka antchito ndi njira yoperekera madandaulo. Funsani fiscal wa obrayo, amene amayang'anira ntchitoyo m'malo mwa mwini ntchito, kuti bokosi kapena nambala ya madandaulo ili kuti.

Timagwira ntchito ya ngalande za msewu ku Tsangano. Amatilipira patsiku. Kapitawo akuti anatenga malipiro a pamwezi n'kugawa ndi 30, ndiye zonse zili m'malamulo. Koma pakutha pa mwezi ndalama sizifika. Komanso tsiku lothira konkire timaweruka mdima utagwa, osaonjezera kanthu.

Achimwene, apa m'pamene anthu ambiri amadyeredwa masuku pamutu, ndipo chinyengo chake chili m'masamu. Tigwiritse ntchito 8,000 ya mu 2024 ija; inu muikepo chiwerengero cha chaka chino.

Mukagawa 8,000 ndi 30 mupeza pafupifupi 267 patsiku. Kugawa kumeneku n'kolondola pokhapokha ngati masiku onse 30 akulipidwa, kuphatikizapo Lamulungu limene mumapuma. Koma kapitawo wanu amalipira masiku okhawo amene apontador, wolemba obwera kuntchito, wachonga m'buku, omwe ndi 26 pamwezi ngati mumagwira Lolemba mpaka Loweruka. 267 kuchulukitsa ndi 26 ndi 6,942. Ndalama yopitirira 1,000 yasowa mwezi uliwonse, pa munthu mmodzi. Pa gulu la anthu 40, ganizirani nokha. Ngati akufuna kulipira masiku ogwira okha, agawe ndi 26, ndipo tsiku lituluka pafupifupi 308.

Za maola: nthawi yokhazikika ndi maola 8 patsiku, 48 pasabata. Kuti mudziwe mtengo wa ola, owerengera malipiro amachulukitsa malipiro a pamwezi ndi 12, n'kugawa ndi maola a chaka chonse, omwe ndi 52 kuchulukitsa ndi 48. Ndiye 96,000 kugawa ndi 2,496, ola limodzi likhala 38.46. Ola lowonjezera mpaka 8 koloko usiku limaonjezeredwa theka, likhala 57.69. Kupitirira 8 koloko limawirikiza kawiri, 76.92. Kugwira tsiku lopuma kapena la tchuthi cha boma nakonso kumawirikiza kawiri.

Tiyerekeze tsiku la konkire. Mwayamba 7 koloko m'mawa, mwapuma ola limodzi masana, maola 8 anu atha 4 koloko madzulo. Konkire sadikira, akangosakanizidwa ayenera kuthiridwa, ndiye mwapitiriza mpaka 9 koloko usiku. Kuchokera 4 mpaka 8 ndi maola 4, ndalama yake pafupifupi 231. Ola lomaliza ndi 77. Pamodzi 308, ndiye kuti usiku umodzi umenewo mwapereka ulere tsiku lathunthu la ntchito.

Vuto n'lakuti buku la apontador limangosonyeza kuti munabwera, silisonyeza nthawi yoweruka. Gulani kope la ana asukulu. Tsiku lililonse lembani deti, nthawi yoyamba, nthawi yoweruka, malo amene munagwira, ndipo anzanu awiri asaine pambali. Wina wa foni ajambule gulu pamene mukuthira konkire usiku. Chithunzi chimasunga deti ndi nthawi. Makope atatu ogwirizana, olembedwa ndi manja osiyana, woyendera ntchito sangawanyoze.

Mwina akuuzaninso kuti ndinu aganyu chabe chifukwa simunasaine kanthu. Lamulo limalola kontrakiti ya pakamwa pa ntchito yosapitirira masiku 90, koma malipiro otsikitsitsa ndi maola owonjezera zimakukhudzanibe. Ndipo pamene pepala limafunika koma palibe, wolakwa ndi wolemba ntchito, ufulu wanu suchoka.

Tikumanga chipatala chaching'ono cha boma chakuno ku Zóbuè. Miyezi 3 sitinalandire. Amene anatilemba ndi kontrakitala wamng'ono wopatsidwa ntchito ndi kampani yaikulu. Iye akuti kampani sinamulipire, kampani ikuti boma silinatulutse ndalama. Ena akuti tingotenga simenti tikagulitse.

Simentiyo musaikhudze. Tsiku limene thumba limodzi lituluke pa geti, nkhani ya malipiro anu isanduka nkhani ya kuba, ndipo oitanidwa akhala apolisi.

Kuchedwa kwa boma kumachitikadi. Kontrakitala amalipidwa pang'onopang'ono: fiscal amayeza ntchito imene yatha, amalemba chikalata chotchedwa auto de medição, kenako invoice imayenda m'maofesi. Pakhoza kudutsa miyezi. Koma umenewo ndi mlandu wa kontrakitala ndi boma. Amene anakulembani ntchito ayenera kukulipirani pa nthawi yake, kaya iye walipidwa kaya ayi, ndipo n'chifukwa chake kampani isanapatsidwe ntchito ya boma imafunsidwa kusonyeza kuti ili ndi mphamvu pa chuma.

Yambani ndi chikwangwani cha obra. Pamalembedwa mwini ntchito, kampani yomanga, fiscal, mtengo ndi nthawi yomalizira. Chijambuleni lero, chifukwa zinthu zikavuta chikwangwani chimayamba kusowa. Kenako lembani ndandanda: dzina la aliyense, nambala ya BI, ntchito yake, tsiku limene anayamba, malipiro amene munagwirizana, miyezi imene sanalandire, ndi chiwonkhetso. Amene ankalandirira pa M-Pesa kapena e-Mola asafufute mauthenga akale, chifukwa ndi umboni wakuti ndalama inkachokera kwa yani ndipo inali zingati.

Lembani kalata imodzi m'Chipwitikizi, yopita kwa amene anakulembani, ndipo makope ake apite kwa kampani yaikulu, kwa fiscal ndi kwa mwini ntchito. Pa ntchito za m'boma laling'ono, ofesi yoyang'anira zomangamanga ndi SDPI. Ikakhala misewu ikuluikulu ndi ANE. Paliponse pamene mwasiya kalata, kope lanu lidindidwe ndi kulembedwa deti. Chifukwa chouzira mwini ntchito n'chakuti iye ndiye wagwira ndalama zimene zatsala, ndipo kampani yaikulu imaopa kuipa dzina pamaso pake kuposa mmene imaopera inu. Musamangothamangitsa kontrakitala wamng'onoyo yekha. Ambiri otere alibe ofesi, foni akazimitsa ndiye kuti wapita.

Pakapanda yankho m'masiku amene mwatchula m'kalatamo, pitani ku Inspecção do Trabalho, amene ali ndi mphamvu yoyendera malo a ntchito ndi kulipiritsa chindapusa. Njira ina ndi CEMAL mumzinda wa Tete, kumene amaitana mbali zonse kuti mugwirizane. Mukagwirizana, zilembedwe ndi madeti olipirira, mukalephera amakupatsani chikalata chopita nacho kukhoti. Wopanda ndalama ya loya apite ku IPAJ, amathandiza ulere. Ulendo wochokera ku Zóbuè pa N7 ndi wodula, choncho sankhani awiri kapena atatu oimira gulu, atenge ndandanda yosainidwa ndi onse.

Zinthu ziwiri zimagwetsa milandu yabwino. China ndi kungosiya kubwera kuntchito osalemba kalata: masiku 15 otsatizana osaoneka popanda chifukwa amatengedwa ngati mwathawa ntchito nokha. Kunyanyala nako kuli ndi ndondomeko yake yochenjeza pasadakhale, ndiye funsani a bungwe la antchito musanaike zida pansi. China ndi kudikira. Lamulo la ntchito la 2007 linkapereka miyezi 6 yokha yodandaulira kuchokera pamene kontrakiti yatha. Panopa tikuyendera Lei 13/2023, limene linayamba kugwira ntchito mu February 2024, koma inu werengani miyezi 6 yomweyo ngati malire anu. Nthawi yabwino yofunsa ndalama ndi pamene denga lisanakhomedwe, kampani ikadakufunani.

Mwezi uliwonse amandidula ya INSS. Mnzanga akuti ndalama zimenezi makampani ena sapereka. Ndingadziwe bwanji? Ndine kalipentala ku Moatize.

Mnzanuyo akunena zoona, zimachitika. Ndalama yonse yopita ku INSS, bungwe la boma loona za penshoni ndi thandizo la antchito, ndi 7 peresenti: 3 imachoka pa malipiro anu, 4 amaonjezera abwana kuchokera m'thumba mwawo. Pa 8,000, inu mudulidwa 240, iwo aika 320, ku INSS kupita 560. Akakudulani 7 yonse, akuberani. Malipiro a msinkhu umenewu safikanso podulidwa msonkho wa IRPS, ndiye mukaona mzere umenewo pa risiti, funsani.

Kampani iyenera kupereka ndalamazo pofika pa 10 mwezi wotsatira. Kuti mutsimikize, muyenera kukhala ndi nambala yanu ya INSS. Ngati mwadulidwa miyezi ingapo koma nambala simunapatsidwe, chimenecho n'chizindikiro choipa kale. Ndi nambalayo mukhoza kuona pa intaneti kudzera pa M-Contribuição, kapena kupita ku ofesi ya INSS ndi BI n'kupempha ndandanda ya zimene zalowa m'dzina lanu. Miyezi yosowa muiyerekeze ndi marisiti anu a malipiro, n'kukasiya dandaulo komweko.

Pa obra ya boma muli ndi chogwirira china. Malamulo ogulira zinthu ndi kupereka ntchito za boma, amene tsopano ali mu Decreto 79/2022, amafuna kuti kampani isonyeze chikalata chakuti ilibe ngongole ku INSS. Kampani imene dzina lake lada kumeneko imavutika kupeza ntchito yotsatira, choncho dandaulo la mtundu uwu limayankhidwa msanga kuposa ena. Musalinyozere poti 240 ndi yochepa: miyezi yolembedwayo ndiyo imawerengedwa pa penshoni, pa thandizo la matenda ndi pa ndalama yothandiza banja munthu akamwalira, ndipo womanga amene amasintha kampani obra iliyonse amataya zaka zambiri mosadziwa.

Ndine mayi wa ku Furancungo. Amfumu anatiuza kuti tizituta mchenga ndi madzi a sukulu yatsopano, ati ndi chitukuko. Tatuta masabata 5. Tsopano kapitawo wa kampani ndiye amatiuza nthawi yofika, ndipo amatipatsa ufa ndi sopo. Kodi ndife antchito kapena ayi?

Mayi, funso lanu lili ndi mbali ziwiri. Pali ntchito zimene mudzi umagwirizana kuti uthandiza: kuumba njerwa, kututa mchenga kwa masiku owerengeka. Zimenezo zimapanganidwa pa msonkhano, zimakhala ndi malire, ndipo munthu amapita mwa kufuna kwake. Palinso ntchito za pulogalamu ya PASP zoyendetsedwa ndi INAS, bungwe la boma lothandiza osauka, kumene mabanja osankhidwa amagwira maola ochepa n'kulandira thandizo. Limenelo si malipiro a kampani ndipo lili ndi malamulo akeake.

Zimene mwafotokozazi zadutsa pamenepo. Munthu akamakuuzani nthawi yofika, ntchito yoti mugwire, n'kumakupatsani kanthu posinthana ndi thukuta lanu, lamulo limaona kuti pali ubale wa wantchito ndi womulemba, ngakhale popanda pepala. Zikatero, ufa ndi sopo sizingakhale malipiro onse. Gawo lolipidwa ndi katundu silingapitirire 25 peresenti, lotsalalo likhale ndalama, ndipo katunduyo awerengedwe pa mtengo wa pamsika wa kwanuko, osati umene kapitawo wautchula.

Pemphani amfumu ndi komiti ya sukulu apite ku SDPI akafunse funso limodzi: kodi mchenga ndi madzi zili pa ndandanda ya zinthu zimene kampani ikulipidwa? Ndandandayo imatchedwa mapa de quantidades. Ngati zilipo, boma likulipira kampani pa zinthu zimene inu mukusenza pamutu ulere. Ngati zinalembedwa kuti ndi gawo la mudzi, pafunika kunenedwa kuchuluka kwake ndi tsiku lomalizira. Pitani ngati gulu ndipo amfumu atsogole, chifukwa kawirikawiri iwonso anangouzidwa pakamwa, mapepalawo sanawaone.

Anatipatsa magumbuti ndi zipewa zolimba, kenako anadula mtengo wake pa malipiro. Mnzathu anagwa pa sikafodi n'kuthyoka mkono, akudzilipirira yekha kuchipatala. Tili ku Manje.

Zonse ziwiri n'zolakwika. Zodzitetezera pa ntchito, monga magumbuti, chipewa, magolovesi ndi lamba wa pamwamba, amagula ndi wolemba ntchito. Kudula malipiro kumaloledwa pa zimene lamulo latchula, monga INSS, kapena zimene wantchito wavomereza molemba, ndipo zodula siziyenera kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro a mweziwo. Lembani ndalama ya magumbutiyo pa ndandanda ya zimene mukufuna kubwezeredwa.

Za mnzanuyo n'zachangu. Kampani iliyonse iyenera kukhala ndi inshulansi ya ngozi za pa ntchito ya antchito ake onse. Malamulo ake ali mu Decreto 62/2013. Imeneyi ndi yosiyana ndi INSS. Ndiyo imalipira chithandizo cha kuchipatala, mankhwala, mayendedwe, ndalama ya masiku amene munthu sakugwira ntchito, ndi chipukuta misozi ngati mkonowo sudzabwerera mwakale. Kampani ikakhala kuti sinalipire inshulansi, kapena dzina la mnzanuyo silinali pa ndandanda, mtolo wonse ugwera kampaniyo.

Asunge pepala lililonse la kuchipatala ndi risiti iliyonse, ndipo aonetsetse kuti a chipatala alemba kuti anavulala ali pa ntchito, tsiku lakuti, malo akuti. Awiri amene anaona alembe zimene zinachitika n'kusaina, ndipo sikafodiyo ijambulidwe asanaiphwasule. Funsani kapitawo dzina la kampani ya inshulansi ndi tsiku limene anakanena za ngoziyo. Akayamba kuzungulira, kaneneni nokha ku Inspecção do Trabalho sabata yomwe ino. Ndipo akabwera ndi ndalama ya m'manja pamodzi ndi pepala loti asaine kuti nkhani yatha, asasaine mpaka adokotala atanena mmene mkonowo udzakhalire.